Golovesi ya Angerezi ndi timilu ta kubusa

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha mnzanga wina wophunzitsa Chingerezi ku Furancungo ananditumizira chithunzi cha kope la mwana wa kalasi 9. M'ndime imene anawo anawerenga munali nkhani ya matimu awiri a mpira. Timu ina inadzitama kuti palibe angaigonjetse, ndipo timu inzakeyo, malinga ndi ndimeyo, "took up the gauntlet". Funso linali lakuti mawu amenewa akutanthauza chiyani. Mwanayo anayankha m'Chipwitikizi chosalala bwino, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi, kuti timu yachiwiriyo inalandira ziphuphu kuti igonje dala.

Mnzangayo anandifunsa kuti, "Kodi ndimupatse ziro kapena ndimumvere chisoni?" Ine ndinamuuza kuti ayambe wamuitana mwanayo amufunse njira imene anadzera. Yankho lake ndi limene landilembetsa zonsezi. Tsiku lophunzira ndimeyo mwana anafunsa kuti gauntlet n'chiyani, mphunzitsi n'kuyankha ndi liwu limodzi la Chipwitikizi, luva. Tsono mwana ameneyu amamvera nkhani pa wailesi ndi bambo ake madzulo alionse, ndipo kumeneko akamva kuti mkulu wina walandira luvas amadziwa kuti akunena ndalama za kuseri. Anangolumikiza ziwirizo. Mwana woganiza chotere ine sindingamupatse ziro. Anayenda bwinobwino m'njira imene tinamulozera ife, njirayo ndiyo inakathera kuthengo.

Tiyambe ndi tanthauzo lenileni. Gauntlet ndi golovesi yolimba, yachikopa yokutidwa ndi zitsulo, imene asilikali okwera pa akavalo a ku Ulaya ankavala kalekale poteteza dzanja pankhondo. Liwulo Angerezi analitenga ku Chifalansa. Munthu akafuna kuputa mnzake kuti amenyane awiriwiri anthu akuonerera, ankavula golovesiyo n'kuiponya pansi patsogolo pa mnzakeyo. Uko ndiye "throw down the gauntlet". Woputidwayo akawerama n'kuitola, ndiye kuti wavomera ndewuyo, sangabwererenso m'mbuyo. Uko ndiye "take up the gauntlet", ena amati "pick up the gauntlet". Akaisiya ili pansi pomwepo, aliyense woonerera ankadziwa kuti wachita mantha kapena wavomereza kuti mnzakeyo akunena zoona.

Musaganize kuti ndi nthano chabe. M'chaka cha 1817 ku England, mwamuna wina dzina lake Abraham Thornton anaimbidwa mlandu wopha mtsikana wotchedwa Mary Ashford, kufupi ndi Birmingham. Khoti linamupeza wosalakwa, koma mlongo wake wa mtsikanayo, William Ashford, sanakhutire, anakausumanso mlanduwo potsata lamulo lina lakale. Thornton naye anakumba lamulo lakale kwambiri limene anthu anali ataliiwala, loti woimbidwa mlandu wotero angathe kusankha kumenyana ndi womusumirayo, wopambana ndiye wolungama. Anaponya golovesi pansi m'khoti momwemo ku London, oweruza akuona. Ashford anali wochepa thupi pomuyerekeza ndi Thornton, ndipo sanaitole. M'chaka cha 1818 oweruza anagamula kuti lamulolo linali likugwirabe ntchito, Thornton anamasulidwa, ndipo chaka chotsatira, 1819, nyumba ya malamulo inalithetseratu. Pa madyerero olonga ufumu ku England kunalinso mwambo woti munthu wa banja la Dymoke alowe atakwera kavalo n'kuponya golovesi pansi, kuputa aliyense wokana mfumu yatsopanoyo. Anachita komaliza mu 1821 polonga George IV. Mwambo unatha, mawu okha ndiwo anatsala m'kamwa mwa anthu.

Nkhani ya Ashford ndimaikonda chifukwa imakumbutsa ana kuti wosatola golovesi si wolakwa nthawi zonse. Mnyamata uja mlongo wake anali atafa, ndipo akanaitola mwina maliro akanakhala awiri.

Tsono mbiri yonseyi ndi yokoma kwa ine ndi inu amene tinakhalapo pa mabuku. Mwana wa ku Chidzolomondo kapena wa ku Ntengo-wa-Mbalame sanaonepo msilikali wovala zitsulo. Golovesi imene amaidziwa ndi ya anamwino kuchipatala, ya goloboyi pa bwalo la mpira, ndi ya anyamata a njinga zamoto m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Tsangano pamene chisanu chimaluma zala. Mukamuuza kuti munthu anatola golovesi, iye aona munthu waulemu amene akuthandiza mnzake wogwetsa katundu. Ndewu ili kuti pamenepa?

Ine ndinakulira kubusa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa abambo amene mukuwerenga pano munadzera komweko. Mukukumbukira masana ng'ombe zikakhuta n'kugona pamthunzi, ntchito itatha, wamkulu wa kubusa n'kuyamba kusowa chochita? Ankaitana anyamata awiri amsinkhu umodzi, n'kuunjika timilu tiwiri ta dothi pakati pawo. "Ili ndi bere la amayi ako, ili ndi la amayi ake a uyu." Basi, iye n'kukhala pambali. Amene wadzimva mphamvu ankapita n'kukagumula ndi phazi kamulu ka mnzake. Apo dambo lonse linkakhala chete. Iwe wogumulidwira kamulu unali ndi njira ziwiri zokha. Ukanyamuka n'kukagumula ka mnzakoyo, ndewu yayamba, ndipo palibe wolanditsa mpaka wina alire. Ukangoyang'ana pansi, tsiku limenelo ndi masiku otsatira ndiwe wokabweza ng'ombe zonse zikalowera kumunda kwa eni, anzako ali khale kuumba ng'ombe zadothi. Ine ndinabweza ng'ombe mwezi wathunthu chaka china, sindibisa.

Chaka chatha nditafika pa mawu omwewa ndi ana anga, sindinatchule luva. Ndinasiya Chingerezi kwa mphindi zisanu, ndinafunsa m'Chinyanja kuti ndani anaonapo timilu ta kubusa. Anyamata anayamba kuseka, ena kubisa nkhope m'madesiki. Mmodzi anafotokoza mwambo wonse, bwino kuposa mmene ndafotokozera ine pano. Ndiye ndinati: wogumula koyamba uja, Mngerezi amati "he threw down the gauntlet". Wobwezera uja, "he took up the gauntlet". Sindinafunikenso kubwereza. Patapita milungu iwiri ndinamva mnyamata wina akuuza mnzake pa bwalo la mpira, m'Chingerezi chothyokathyoka koma mawuwo ali pamalo pake, kuti kalasi 8 yaponya gauntlet ndipo iwo aitola Lachisanu.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu simugwirizana nawo. Chining'a cha Chingerezi chizipita kwa mwana wathu molunjika, kuchoka ku Chingerezi kufika ku Chinyanja, osayamba chadzera ku Chipwitikizi. Alimi a kachewere kuno amadziwa zimene zimachitika thumba likadutsa m'manja mwa ogula atatu lisanafike ku Tete: aliyense amatapako. Mawu nawonso amatero. Gauntlet ikasanduka luva yataya kale zitsulo zake ndi ndewu yake, yatolanso tanthauzo lina la ziphuphu limene Mngerezi sanaliganizeko n'komwe. Zoona, Chipwitikizi chili nacho chining'a chofanana, "atirar a luva" ndi "levantar a luva", pakuti mwambo wa golovesi unali wa ku Ulaya konse. Koma ndi ana angati a ku Macanga amene anamvapo munthu akuyankhula choncho? Timakhala tikumasulira chinthu chosadziwika ndi chinzake chosadziwikanso, kenaka n'kudabwa kuti ana akuloweza osamva.

Palinso china chimene anzathu a kumwera kwa dziko lino sachidziwa za ife a m'malire. Chinyanja chathu chinayamba kalekale kudyera mbale imodzi ndi Chingerezi. Timati sukulu, buku, sitolo, golovesi, ndipo anyamata a mpira amati chalenji. Timagula ndi kugulitsa ku Biriwiri ndi ku Lizulu, timamvera mawailesi a ku Malawi kumene chiyankhulo chomwechi amachitcha Chichewa, ndipo makolo ambiri a ana athuwa anaphunzira ku Ntcheu ndi ku Dedza pamene anathawira nkhondo isanathe mu 1992. Mwana wa ku Furancungo uja akanangouzidwa kuti "golovesi", ziphuphu sizikanamubwerera m'mutu. Chuma chimenechi tili nacho m'manja, koma tikalowa m'kalasi timachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Wina anandiuza pa msonkhano wa aphunzitsi kuti phunziro la Chingerezi liyenera kukhala la Chingerezi chokhachokha, mwana azisambira momwemo mpaka adziwe. Ndimamva mfundo yake, ndipo mbali ina ndi yoona. Mphunzitsi amene amatha ola lonse akucheza m'Chinyanja, Chingerezi n'kungochilemba pa bolodi ngati chokongoletsa, akuwabera ana. Ndawaonapo otero. Koma ine ndikunena mphindi zisanu, pamalo pamene pali mfundo yolimba, kenaka n'kubwerera. Ndiponso tinene zoona: amene amati Chingerezi chokhachokha, ana akasowa chonena amathawira ku Chipwitikizi iwo omwe. Choncho lamulo lawo lenileni ndi lakuti chiyankhulo chilichonse chilowe kupatula cha mayi ake a mwanayo.

Mayi wina naye anandidandaulira, mwaulemu ndithu, kuti mwana wake anakafotokoza kunyumba za timilu tija ndipo iwo sanakondwe kumva kuti kusukulu akutchula mabere a amayi. Apa ndinavomera kulakwa pang'ono. Tsopano ndimangoti "timilu ta kubusa", ana okha amadziwa chotsalacho, ndipo amene sadziwa amauzidwa ndi anzake panja. Atsikana ena anandiuzanso kuti chitsanzocho ndi cha anyamata. Mmodzi anati kwa iwo n'chimodzimodzi ndi pa gule, pamene wovina pakati amabwera kudzavina patsogolo pako ndipo iwe uyenera kulowa m'bwalo. Tinakambirana, ndipo kalasi inagamula yokha kuti chayandikira koma sichinafike, chifukwa pa gule amakuitana mwachikondi, pamene woponya gauntlet akuti ndikuposa, bwera utsutse. Kukambirana kumeneko kunali phunziro lokoma kuposa limene ndinakonzekera usiku wake.

Ngakhale timilu tomweto sitifanana ndi golovesi mbali zonse, ndipo ana tiziwauza pamene kufananako kwathera. Kubusa pamakhala munthu wachitatu wosonkhezera moto, amene amaunjika dothi. Pa golovesi woputa amaputa yekha. Kubusa umavomera pogumula, kwa Angerezi umavomera potola. Ndipo chachikulu, masiku ano Mngerezi akanena mawuwa sakunena zibakera. Muwapeza m'nyuzipepala pa nkhani za ndale, za malonda ndi za masewero: chipani china chaputa chinzake kuti akatsutsane pa wailesi, kampani yatsitsa mitengo ndipo inzake yayankha, katswiri wothamanga wadzitama ndipo mnzake wati tikaonane pa bwalo.

Pa kagwiritsidwe kake, cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi. Mwana akangomva kuti mawuwa ndi a kulimba mtima, amayamba kuwamwaza paliponse. Wina anandilembera kuti mvula itavuta, bambo ake "took up the gauntlet" n'kukalima kudimba. Ayi. Chilala sichiponya golovesi. Pamafunika munthu, gulu kapena bungwe limene lakuputa poyera, iwe n'kuvomera poyeranso. Popanda woputa palibe chotola. Mawuwo sasinthidwanso mwachisawawa: kawirikawiri ndi "the gauntlet", osachulukitsa kuti "gauntlets", ndipo mukaikapo "glove" Mngerezi wa lero adzayang'ana pansi kufuna golovesi imene yagwa. Chimene chimasintha ndi mneni yekha: take, took, has taken. Ndi mawu olemererako, oyenera m'chimangirizo kapena pa mtsutso, koma m'kalata yopempha ntchito asalowemo. Mwana wina analemba m'kalata yoyeserera kuti bwana akamulemba ntchito iye adzatola gauntlet. Ndinamufunsa ngati akufuna ntchito kapena akufuna kumenyana ndi bwanayo.

Chenjeraninso ndi "run the gauntlet". Liwu likuoneka lomwelo koma gwero lake ndi lina, linachokera ku Chiswidishi, ndipo limanena chilango cha asilikali chothamangitsa wolakwa pakati pa mizere iwiri ya anzake akumukwapula. Lero amanena munthu wodutsa pakati pa anthu omunyoza kapena omufunsa mafunso mbali zonse. Mulibe golovesi m'menemo.

Nanga bambo wa kudimba uja tinene kuti anatani? Apo Mngerezi angati "he took the bull by the horns", kunena munthu amene walimbana ndi vuto maso ndi maso osazengereza. Ichi ndiye ana a kuno anachiseka mpaka misozi. Mwana aliyense amene anamangapo ng'ombe pa goli amadziwa kuti nkhunzi yolusa suigwira nyanga, umaiponyera chingwe uli patali, ndipo wogwira nyanga timakamuona kuchipatala ku Ulongwe. Kwa iwo chining'acho chimanena chitsiru. Ndinawafotokozera kuti ku Portugal kuli masewero amene amuna asanu ndi atatu amaima pamzere m'bwalo, woyambayo n'kuilandira nkhunzi kumutu ndi manja okha, anthu n'kumuombera m'manja ngati ngwazi, ndipo Apwitikizi nawo amati "pegar o touro pelos cornos". Anamva, koma sanasinthe maganizo awo pa za munthuyo. Ine sindinawakakamize. Ndinangowauza kuti pa mayeso alembe tanthauzo la eni ake, kuti ndi kuvala zilimbe, maganizo awo asunge. Mwana amene akutha kunena kuti chining'a ichi chimatanthauza chakuti kwa eni ake koma kwathu sichingagwire, ameneyo wadziwa ziyankhulo ziwiri, sanangoloweza.

Miyambi yathu nayo tisamaithamangire. Mnzanga wina amamasulira "take up the gauntlet" ndi mwambi uja wakuti mwamuna mnzako m'pachulu, umalinga utakwerapo. Ndi wokoma, ndipo uli m'bwalo lomwelo la kupikisana, koma ukunena zina. Umachenjeza wodzitama kuti asapeputse mnzake asanalimbane naye. Ndi malangizo opita kwa woponya golovesi, pamene chining'a chathuchi chikunena zimene wachita wotola. Kusinthanitsa mwambi ndi chining'a ngati ndalama pa malire, metikali uku kwacha uku, kumasocheretsanso ana. Nthawi zambiri chimene chimathandiza ndi chinthu chimene mwana anachiona ndi maso ake, chotchulidwa m'chiyankhulo chimene anachionera.

Zoti ana amamva msanga m'chiyankhulo chawo si nzeru zanga ayi, ndipo chigawo chathu chino ndicho chinali poyesera. Kuyambira 1993 mpaka 1997 ntchito yoyesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri yotchedwa PEBIMO inachitika m'zigawo ziwiri zokha, ku Gaza m'Chichangana ndi kuno ku Tete m'Chinyanja. Mu 2003 boma linayamba kulowetsa maphunzirowa m'sukulu za pulaimale, ndipo ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imati boma limalemekeza ziyankhulo zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Koma zonsezo zimakamba za Chinyanja ndi Chipwitikizi kwa ana aang'ono. Mwana akafika ku sekondale n'kukumana ndi Chingerezi, timachita ngati Chinyanja chija chinali mkaka wa m'mawere umene waleka. Pamenepo ndi pamene ine ndikukana.

Pa msonkhano wa makolo mwezi wathawu, bambo wina wachikulire, mlimi wa tirigu, anaimirira n'kundiloza. Anati, "Aphunzitsi, Chinyanja mwana wanga anachiphunzira pamsana pa amayi ake, kwaulere. Ine ndimagula makope kuti adziwe Chizungu. Inu mukuti njira yanuyi imathandiza. Chabwino. Sankhani zining'a khumi, muwaphunzitse mmene mukufuniramo. Potsekera chigawo chino ndibwera ndi alamu anga amene anaphunzira ku Ntcheu, adzawafunse anawo pamaso pa makolo tonse. Akakalephera, Chinyanja chituluke m'kalasi ya Chingerezi." Anthu anaombera m'manja, ena akuseka, akulu a sukulu akundiyang'ana. Kunena zoona m'mimba munatentha ngati tsiku lija kudambo. Ndinayankha kuti, "Bambo, ndamva. Abwere alamu anuwo, koma afunse ana onse, asasankhe a kutsogolo okha." Iwo anati zili bwino, tinagwirana chanza.

Sindikudziwa kuti zidzatha bwanji. Ana anga ndi ochuluka, mabuku ndi ochepa, ndipo masabata a kukolola kachewere ena sabwera n'komwe. Pa zining'a khumi zija ndapeza zisanu ndi chimodzi zimene ndili nazo ndi chitsanzo cha kwathu chogwira bwino. Zinayi zikundisowetsa tulo, makamaka "bite the bullet", kupirira chowawa chimene sungachithawe. Ndaganizapo za kuzula dzino kwa asing'anga ndi za kutema mphini, koma sindinakhutire. Aphunzitsi anzanga a ku Macanga, a ku Angónia ndi a tsidya la Malawi, ndiponso inu makolo amene munaona zambiri kuposa ife, ngati muli ndi chitsanzo chimene mwana wa zaka 14 angachimve nthawi yomweyo, nditumizireni sabata ino isanathe.

Za mwana wa ku Furancungo uja, mnzangayo anamupatsa theka la malikisi, ndipo Lolemba analowa m'kalasi ndi dothi m'chitini.